Mwana amakopera mawu madzulo aliwonse koma pa lembetso akulakwabe

Funso: Ndili ndi ana awiri kupulayimale, mtsikana wa Sitandade 4 ndi mnyamata wa Sitandade 2. Madzulo aliwonse ndikaweruka kumsika ndimampatsa wamkuluyo mawu 20 a Chingerezi kuti akopere kakhumikakhumi, koma Lachisanu aphunzitsi akapereka lembetso amangokhoza 6 kapena 7. Ndi Chichewa chomwe amalakwitsa: mwezi watha analemba "nkuku" ndi "mbili". Bambo ake akuti tileke kuyankhula Chichewa pakhomo kuti Chingerezi chilowe m'mutu. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo ndalama zogulira mabuku kapena zolipira mphunzitsi wapadera ndilibe. Nditani? *Mayi wa ku Mponela*

Yankho: Mayi, mwachita bwino kutumiza mawu enieni amene mwanayo analakwitsa. Makolo ambiri akabwera kwa ine amangoti "mwanayu masipelo sakhoza," ndiye ine ndimasowa pogwira. Koma "nkuku" ndi "mbili" akundiuza zambiri, ndipo choyamba chimene akundiuza n'chakuti mwana wanu makutu ake akugwira ntchito. Walemba zimene akumva. Mwana wosokonekera zenizeni salemba "nkuku", amalemba zilembo zosagwirizana n'komwe ndi mawuwo. Wanuyu wangotsala pang'ono.

Tiyambe ndi nkhukuyo. Chimene chasowa ndi h, ndipo h ameneyu m'Chichewa si wokongoletsa, ndi kampweya kamene kamatuluka m'kamwa. Mpatseni mwanayo kapepala kopyapyala agwire pafupi ndi milomo, anene "pala", kenaka anene "phala". Pa mawu oyambawo kapepala sikagwedezeka kwenikweni, pa achiwiriwo kamagwedezeka. Anenenso "kala" ndi "khala". Mukachita zimenezi kawiri katatu, h uja waleka kukhala chinthu choloweza, wasanduka chinthu chimene mwana akuchiona ndi maso. Kenaka mufunseni kusiyana kwa "mpaka" ndi "mphaka", kapena kwa "mpasa", nsomba ija ya mumtsinje wa Bua, ndi "mphasa" yogonapo. Ana amaseka kwambiri mukawauza kuti amene waiwala h wagoneka mlendo pansomba.

Akazolowera kumva mpweyawo, muonetseni kuti mayina ambiri oyamba ndi n kapena m amayenda ndi h ameneyu: nkhuku, nkhuni, nkhope, nthochi, nthawi, mphepo, mphuno. Musamuuze kuti "nk" saonekanso paliponse, chifukwa mawa akumana ndi "ankapita" ndi "ankadya" n'kuyamba kukukayikirani. Chimodzimodzi mpira, mpando, mtengo ndi mkaka, mmene m amamveka payekha ngati "mu" wofupikitsidwa. Kapepala kaja ndiye kaziweruza.

"Mbili" ndi nkhani ina. Apa mwana alibe mlandu ngakhale pang'ono, chifukwa poyankhula Chichewa l ndi r timawasakaniza, ndipo palibe amene amasokonezeka. Wina anene "mbili", wina "mbiri", tonse timva chimodzi. Kusiyanitsa kwake n'kwa pa pepala pokha, ndipo kumatsata malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Lamulo lake n'losavuta: m'kati mwa mawu, r amabwera pambuyo pa i kapena e, pomwe l amakhala pena paliponse ndiponso koyambirira kwa mawu. Ndiye timalemba mbiri, bwera, werenga, phiri, koma galu, mbalame, sukulu, mlendo. Ine ana ndimawapatsa mawu amodzi okha oti asunge: "lero". Lamulo lonse lili m'menemo, l koyambirira, r pambuyo pa e. Pali pena pamene l amakhalabe ngakhale patsogolo pake pali i, makamaka i uja akakhala wa mphatikiram'mbuyo, monga ndili, tili, chilimwe, milomo, zilonda. Zimenezo mwana wa Sitandade 4 aziphunzira pokumana nazo m'buku, musamuunjikire tsiku limodzi. Mayina a malo nawo ali ndi mwambo wawowawo, n'chifukwa chake timalemba Lilongwe.

Muchenjere ndi chinthu chimodzi pakhomo panu pomwepo. Ngati muli ndi Baibulo la Buku Lopatulika la makope akale, lomwe linayamba kutuluka mu 1922, mupezamo c pamene ife masiku ano timalemba ch, ndiponso "mau" m'malo mwa "mawu". Abale athu a ku Zambia nawo mpaka pano amalemba "Cinyanja" ndi "cakudya". Akuluakulu ena amalembabe "ndiri" monga anaphunzirira kale. Onsewa sakulakwa pa nthawi ndi malo awo, koma mphunzitsi wa mwana wanu achonga potsata buku la kusukulu. Mwana aziwerenga Baibulolo ndithu, kungoti mumuuze kuti amenewo ndi malembedwe a agogo.

Tsopano ku mawu 20 aja. Ndikupemphani muleke, kuyambira madzulo ano. Sikuti khama lanu n'lachabe, koma kukopera kumagwiritsa ntchito dzanja ndi maso, mutu uli phee. Mudzamuyang'anitsitse mwana akamakopera kakhumi. Ambiri amatulukira njira yachidule: amalemba chilembo choyamba kutsika mizere yonse 10, kenaka chachiwiri kutsika mizere yonse, mpaka tsamba ladzaza. Ndinazionapo kambirimbiri m'kalasi, tsamba laukhondo, mawu onse olondola, koma mukatseka kope n'kufunsa, mwana angoti kukamwa yasa. Ngakhale amene akukopera moona mtima, yankho lili pamaso pake nthawi yonse, ndiye ubongo ulibe chifukwa cholisungira. Chimene chimakhazikitsa mawu m'mutu ndi kuvutika kuwakumbukira pamene sakuoneka.

Chitani motere. Tengani mawu 5 okha pa tsiku. Pa mawu alionse, yambani mwafunsa tanthauzo. Ngati mwana sadziwa kuti "enough" ndiye kuti "zokwanira", musapitirire, chifukwa mukumuloweza chipolopolo chopanda wonga. Akadziwa tanthauzo, awayang'ane, awatchule mokweza, aloze pamene pali povuta (pa "enough" povuta ndi kumapetoko, pamene gh akumveka ngati f), kenaka muphimbe ndi dzanja lanu iye alembe kuchokera m'mutu. Vundukulani, ayerekeze yekha chilembo ndi chilembo. Akalakwa, asafufute. Aone pamene paphonyeka, muphimbenso, ayesenso. Zonsezi sizipitirira mphindi 15. Ndiye chinsinsi chachikulu n'chakuti mawu a Lolemba abwerenso Lachitatu osayembekezera, abwerenso Lachinayi, ndipo ena mwa iwo adzatulukirenso sabata yamawa lembetso litapita kale. Mawu ofunsidwa masiku otalikirana amakhalitsa kuposa mawu obwerezedwa kakhumi nthawi imodzi. Simukufunika ngakhale tebulo. Mukhoza kumufunsa mukusenda mbatata, iye n'kulemba ndi khala pakhonde kapena ndi kamtengo padothi.

Chingerezi chimavuta ana athu pa zifukwa zodziwika, ndipo mukazidziwa mtima umatsika. Chichewa timalemba pafupifupi mmene timatchulira, ndipo a, e, i, o, u amamveka chimodzimodzi paliponse. Chingerezi chili ndi zilembo 26 koma maliwu pafupifupi 44, ndiye chilembo chimodzi chimasenza katundu wambiri. Taonani "ea" mu "eat", "bread" ndi "break": malembedwe amodzi, matchulidwe atatu. Mwana amene wazolowera kukhulupirika kwa Chichewa amalowa m'Chingerezi ndi chikhulupiriro chomwecho, n'kupunthwa. Choipa kwambiri n'chakuti zilembo zina zimene akuzidziwa bwino zimamutembenukira. "Ph" wa mu "phala" akafika mu "phone" wasanduka f. "Th" wa mu "thumba" si "th" wa mu "thin" kapena "this". "Ch" wa mu "chala" amagwirizana ndi wa mu "church" koma mu "school" wasanduka k. Muuzeni mwanayo poyera kuti zilembozi zili ndi ntchito ziwiri, ina ya kwathu ina ya kwa eni ake. Ana ambiri palibe amene anawauzapo.

Palinso chizolowezi cha lilime. M'Chichewa phatikizo limathera pa a, e, i, o kapena u, n'chifukwa chake mawu obwereka tinawakonza kukhala sukulu, buku, sitolo, supuni. Mwana akamva "milk" m'mutu mwake mumamveka "miliki", ndipo alemba zomwezo. "Stop" asanduka "sitopu". Njira yake ndi kuwomba m'manja. "Miliki" ndi kuwomba katatu, "milk" n'kamodzi kokha. Awombe, amve kuti zilembo zowonjezerazo zilibe malo. Kenaka l ndi r uja amene m'Chichewa sasintha tanthauzo, m'Chingerezi amasintha: "rice" ndi mpunga, "lice" ndi nsabwe, "pray" ndi kupemphera, "play" ndi kusewera. Apa ngakhale ife akuluakulu lilime limatipereka, ndiye musadalire katchulidwe kokha. Jambulani mbale ya mpunga pafupi ndi mawu ena, kansabwe pafupi ndi enawo, diso lithandize pamene khutu likulephera.

Ndipo mawu a Chingerezi musamawatenge mmodzimmodzi ngati anthu osadziwana. Amayenda m'mabanja. Amene wagwira "light" wagwira kale "night", "right", "fight" ndi "tight". Amene wagwira "make" ali ndi "take", "cake", "bake" ndi "lake". Muonetseni zimene e wakumapeto amachita ngakhale samveka: "hat" asanduka "hate", "hop" asanduka "hope", "bit" asanduka "bite". Mukaona mndandanda wa aphunzitsi, yambani mwafufuza amene ali pachibale n'kuwaika pamodzi. Fomu 2 yanu ikukwanira bwinobwino pa ntchito imeneyi.

Nkhani ya bambo ake ndiyankhe mosamala, chifukwa nkhawa yawo ndi yoona. Lamulo la maphunziro la 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu chikhale Chingerezi, ngakhale kuti m'makalasi ang'onoang'ono aphunzitsi amadalirabe Chichewa kuti ana amve. Kuyambira Sitandade 5 Chingerezi chimalimba, ndipo pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 mapepala onse, kupatula la Chichewa, amabwera m'Chingerezi. Mwana wanu ali pakhomo penipeni pa zimenezi. Bambo akuona patali.

Koma mankhwala amene akuperekawo sindikugwirizana nawo. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a m'sukulu za pulayimale za ku Malawi ndi ku Zambia. Nthawi imeneyo ana a ku Zambia ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba, pomwe a ku Malawi ankayamba ndi Chichewa kwa zaka zinayi. Munthu akanayembekezera kuti a ku Zambia awasiya kutali anzawo pa Chingerezi. Sizinatero. Pa Chingerezi magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni, koma powerenga chiyankhulo cha kwawo, ana a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Dziko la Zambia pambuyo pake linasintha n'kuyamba kuphunzitsa ana kuwerenga m'ziyankhulo za kwawo. Chifukwa chake sichovuta kumvetsa. Luso lowerenga munthu amaliphunzira kamodzi, ndipo amaligwira msanga m'chiyankhulo chimene akuchimva. Akaligwira amasamuka nalo. Mwana amene akudziwa kale kuti "phindu" n'chiyani, tsiku limene adzakumane ndi "profit" adzangophunzira dzina latsopano la chinthu chakale. Amene sadziwa phindu ali ndi ntchito ziwiri.

Komanso tinene zoona, Mayi. M'makomo ambiri mmene analetsa Chichewa, Chingerezi chimene chimatsala n'cha malamulo okhaokha: bwera kuno, khala pansi, idya, kagone. Nthabwala zimatha, nthano zimatha, mafunso a mwana amatha chifukwa akuopa kulakwitsa. Mwasinthanitsa nkhokwe yodzaza ndi kathumba ka m'manja. Chimene ndingawapemphe bambowo n'chakuti atenge gawo lawolawo: mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse, iwo ndi mwana, Chingerezi chokhachokha, akuwerenga buku la kusukulu kapena kukambirana za tsikulo. Nthawi ina yonseyo pakhomo paziyankhulidwa Chichewa chonona.

Ndikuti chonona chifukwa apa ndi pamene inuyo muli ndi chuma choposa cha mphunzitsi wapadera aliyense. Masipelo ndi nthambi chabe, thunthu lake ndi kuchuluka kwa mawu amene mwana akuwadziwa, ndipo mawu amalowa kudzera m'khutu asanafike kudzanja. Inu mumakhala kumsika tsiku lonse. Loweruka mukapita naye, musamangomutuma chenje. Muuzeni kuti ndalama imene munayambira geni ndi mpamba, kuti m'mawa munakapikula, kuti mayi uja amanenerera mtengo, kuti tomato wowonjezera uja ndi banyira, kuti katundu akaola mwaluza. Mufunseni kusiyana kwa kubwereka ndi kubwereketsa, kwa kukongola ndalama ndi kukongoza. Kukhitchini n'chimodzimodzi. Ana ambiri a masiku ano zonse amangoti "kuphika". Koma inu mukudziwa kuti nsima timathyakula ndi mthiko n'kuomola ndi chipande, masamba timatendera ndi nsinjiro kapena kufutsa kuti tisunge mfutso, chimanga timakonola, kupeta m'lichero, madeya n'kupita kwa nkhuku, mphale n'kuviika. Kukazinga, kuwiritsa, kuotcha ndi kupsereza si chinthu chimodzi. Mwana amene akutha kusiyanitsa zimenezi waphunzira kuti mawu amasankhidwa, ndipo luso limenelo lidzaonekera mu chimangirizo chake, cha Chichewa ndi cha Chingerezi chomwe.

Masewera ena safuna chipangizo chilichonse. Tchulani mneni mmodzi, muzilandizana kumutambasula: phika, phikira, phikitsa, phikidwa, phikika, phikirana. Kusukulu adzazipeza zimenezi pa mutu wa misintho ya aneni, koma iye adzakhala atazisewera kale pamoto. M'menemo mulinso kalamulo ka kalembedwe kamene ana amakonda kukatulukira okha. Bwanji timati phikira, gulira, mangira, koma lembera, konzera? Msiyeni aganize. Adzaona kuti tsinde likakhala ndi e kapena o timamaliza ndi "era", likakhala ndi a, i kapena u timamaliza ndi "ira". Masewera ena ndi a chimodzi ndi zambiri. Inu mukati khasu iye ati makasu, phiri mapiri, thumba matumba, khutu makutu. Mwaona kuti h uja wathawa? Tsamba masamba, dzira mazira, tsiku masiku. Ndiye mumutchere msampha ndi diso, dzino ndi dzungu, muone ngati afike pa maso, mano ndi maungu. Kapena funsani njira zonse zimene munthu amayendera: kukwawa, kutsimphina, kudzandira, kunyang'ama, kuthamanga. Kapena mivekero: choyera chimati mbee, chofiira psuu, chakuda bii, nanga madzi ozizira amati bwanji? Kachizindikiro ka m'mwamba kaja nako kali ndi masewera ake, chifukwa mbale yodyera si m'bale wako, ndipo ng'oma yovinira si ngoma ya kutchire.

Ngati agogo alipo pafupi, amenewo ndiye buku lalikulu. "Padangokhala" akayankhidwa kuti "tili tonse", mwana amamva mawu amene sangawamve pa wailesi kapena pabwalo la masewera. Chimene ndingawonjezere n'chakuti mawa lake mwanayo afotokozenso nthanoyo kwa mlongo wake ndi pakamwa pake, ndipo mawu achilendo amene anatulukamo muwafunse. Ndagi nazo zimanola mutu: nyumba yopanda khomo ija mwana akaitulukira kuti ndi dzira, waphunzira kuti mawu amatha kubisa chinthu.

Kuwerenga ndiye kumene kumamanga zonsezi pamodzi, chifukwa mwana amene amaona mawu olembedwa kawirikawiri, maonekedwe ake amakhazikika m'maso mwakuti akalakwitsa amamva yekha kuti pena pake sipali bwino. Katswiri wina, Keith Stanovich, mu 1986 anafanizira zimenezi ndi mawu aja a pa Mateyu 25, akuti amene ali nazo adzawonjezeredwa. Mwana wowerenga amapeza mawu atsopano, mawuwo amapeputsa kuwerenga, ndiye amawerenganso kwambiri. Wosawerenga amatsalira chaka ndi chaka. Ndi makalasi athu mmene mphunzitsi mmodzi nthawi zina amayang'anira ana oposa 100, mwana akhoza kutha sabata yathunthu osawerengapo mokweza munthu wamkulu akumvetsera. Mpata umenewo ndi umene inu mungatseke.

Mwati mabuku mulibe. Yambani ndi a kusukulu. Chiyambire pulogalamu ya boma yolimbikitsa kuwerenga ya National Reading Programme mu 2016, makalasi a Sitandade 1 mpaka 4 analandira mabuku a Chichewa ndi Chingerezi okonzedwa mwa ndondomeko, ndiye kapempheni aphunzitsi kuti mwana azibwera nalo kunyumba, inu mulonjeze kulikutira ndi kulisamala. Nyuzipepala yakale yokulungira katundu kumsika musamataye musanaione. Masamba a Chichewa monga Tikambe ndi Tamvani, kapena Boma Lathu, ali ndi nkhani zazifupi, kungoti muziyamba mwawerenga nokha poti zina si za ana. Buku la nyimbo la kutchalitchi n'labwino kwambiri kwa wowerenga wofooka, chifukwa mawu akuwadziwa kale pamtima ndiye diso limangotsatira. Mapaketi a shuga, mchere ndi sopo ali ndi Chingerezi chaulere. Zikwangwani za m'mbali mwa msewu wa M1 nazonso ndi zowerenga, ndipo zina zili ndi masipelo olakwika amene mwana angasangalale kuwagwira. Mukapita ku Lilongwe, nyumba yowerengeramo mabuku ya National Library Service ili ndi mabuku a ana.

Powerenga, muzilandizana, iye ndime imodzi inu ndime imodzi. Akakakamira pa mawu, werengani chamumtima mpaka 5 musanamuthandize, chifukwa makolofe timafulumira kuponya yankho. Mukamaliza tsekani buku mufunse kuti chachitika n'chiyani, ndipo ngati nkhaniyo inali ya Chingerezi, muloleni ayankhe m'Chichewa. Mukufuna kudziwa ngati wamva, osati ngati angabwereze ngati chinkhwe. Mugulireni kakope kamodzi kotchipa kakhale ka mawu ake. Mawu alionse atsopano amene wawakonda alembemo, tanthauzo pambali, ndi chiganizo chopeka yekha chokhudza anthu a pakhomopo. Chiganizo chonena za mlongo wake kapena mbuzi ya kwa aneba chimakumbukika kuposa cha m'buku.

Wamng'onoyo, wa Sitandade 2, musamuyambitse mindandanda. Iye ntchito yake ndi maliwu ndi maphatikizo. Tolani zitsekerero za mabotolo, mulembe phatikizo limodzi m'kati mwa chilichonse: ga, lu, mu, tu, ma, no, dzi. Zitsanulireni pamphasa. Pa zisanu ndi ziwiri zokhazi atulutsa galu, mutu, mano, madzi, mudzi, dzino, luma, tuma, muno. Akapanga mawu opanda tanthauzo, awawerengebe, kenaka mufunse ngati alipo m'Chichewa. Sabata iliyonse onjezani zitsekerero zingapo, ndipo pang'onopang'ono mulowetse zovuta zija: nkha, mpha, ntha, ng'o, tsa, dza, psa. Mchemwali wake ndiye akhale mphunzitsi. Pophunzitsa mlongo wake "nkhu", nkhuku yake ija ikonzeka yokha popanda kuchita manyazi. Mukaona mnyamatayo akusokoneza b ndi d kapena kulemba chilembo chotembenuka, pa msinkhu umenewo si zachilendo.

Zinthu ziwiri zimene zimabweza ntchitoyi m'mbuyo ndi mkwapulo ndi foni. Mwana amene amakalipiridwa pa cholakwa chilichonse amaphunzira kulemba mawu okhawo amene sangalakwitse, ndiye chimangirizo chake chimakhala chowuma ngati chikonyo. Akalemba kalata kwa azakhali ake muli zolakwa 12, yambani mwayankha zimene wanenazo, kenaka sankhani mtundu umodzi wa cholakwa, kaya ndi h yekha, muukonze tsiku limenelo. Za foni, sindikuletsa, koma ngati amawerenga mauthenga anu a pa WhatsApp mmene mwadzaza "bwnj" ndi "zkm", dziwani kuti diso lake likusunga zomwezo. Mukamamutuma kulembera uthenga bambo ake, alembe mawu athunthu.

Mukachita zimenezi teremu yathunthu osaona kusintha kulikonse, pamenepo tiyang'ane kwina. Kodi amamva bwino mukamuitana ali chofulatira? Anadwalapo khutu lotuluka mafinya? Amatsinzinira kapena kuyandikitsa buku kumaso? Amakhala kumbuyo kwenikweni m'kalasi? Amajomba kawirikawiri chifukwa cha malungo, kapena amapita m'mimba muli pululu? Za makutu ndi maso kuchipatala amayeza. Palinso ana ena anzeru bwinobwino, ochenjera poyankhula, amene ubongo wawo umavutika kulumikiza zilembo ndi maliwu, mwakuti mawu amodzi amawalemba mitundu itatu patsamba limodzi. Amenewo si aulesi ndipo kuwamenya sikuthandiza. Alipo aphunzitsi a maphunziro a ana ofunika thandizo lapadera, ambiri ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu angakuuzeni kumene aliko wapafupi. Koma poona "nkuku" ndi "mbili", sindikuganiza kuti wanuyu ali m'gulu limenelo.

Sabata ikubwerayi pitani kusukulu mukaonane ndi aphunzitsi ake, osati kukadandaula, koma kukapempha kuti mawu a lembetso azimupatsa Lolemba kuti muwagawe masiku anayi. Lachisanu akabwera ndi kope, musayambe ndi kuyang'ana malikisi. Khalani naye pansi muone mawu amene walakwa, muwagawe milu ngati tomato: mulu wa amene anawonjezera chilembo monga "miliki", mulu wa l ndi r, mulu wa zilembo zosamveka, mulu wa amene sadziwa n'komwe tanthauzo lake. Mulu umene wakula kwambiri ndi umene muyambe nawo Lolemba linalo.